Tsiku Limene a Custódio Sanatsike Njinga

Mukafika kumidzi ya ku Ntengo-Wambalame n'kufunsa njira ya kumsika wa ku Tsangano, aliyense akulozerani msewu waukulu wafumbi. Koma mukati muli pa njinga ndipo simukufuna kukumana ndi galimoto ngakhale imodzi, ayamba aseka, kenako akuuzani kuti mukaonane ndi a Custódio. A Custódio ndi bambo wamfupi, wa imvi za m'mbali, ndipo akhala akunyamula kachewere wa anthu pa njinga kuyambira unyamata wawo. Miyendo yawo ili ngati minsi iwiri. Koma ndi munthu wamantha, mantha enieni otulutsa thukuta m'manja, ndipo mukawauza choncho sakutsutsani.

Manthawa sanabadwe nawo. Zaka khumi ndi zinayi zapitazo, m'mwezi wa Agosto, ankapita kumsika ndi mng'ono wawo Dinis, aliyense ndi thumba lake kumbuyo, Dinis ali patsogolo. Imeneyo ndiyo nyengo imene makamiyau, magalimoto akuluakulu aja odzagula kachewere, amachuluka mumsewu. Kamiyau ina inawapitirira n'kudzutsa fumbi loti munthu sungaone ndi gudumu lako lomwe. M'fumbimo munali ina yochokera kutsogolo. A Custódio sanaone kanthu. Anangomva phokoso, kenako anaona kachewere akugubuduzika kuchokera m'fumbi muja kudzaima pamapazi awo. Dinis anamuika mawa lake.

Njinga inakhala miyezi isanu itatsamira khoma. Koma ana amafuna kudya ngakhale bambo ali pachisoni, choncho tsiku lina a Custódio anaipopa, namanga thumba, n'kuyamba kusaka njira zina. Anapeza kanjira kodzera kuseri kwa tchalitchi, kena kotsata m'mphepete mwa madimba, kena ka ng'ombe kokwera chitunda, n'kumazilumikiza pang'onopang'ono mpaka zinakhala njira imodzi yokafika kumsika popanda kuponda msewu. Pambuyo pake anapezanso zina, mpaka yopita ku Chidzolomondo kumene kunakwatiwa mwana wawo Palmira, ulendo wogonera panjira. Zonsezi zili m'mutu mwawo. Amadziwa pamene pamaterera mvula ikagwa, pamene pali galu woluma, ndi pamene pali mtsetse woti uyambe wamanga nthambi ya bulugamu kumbuyo kwa njinga kuti izikoka pansi, katundu asakuthamangitse.

Njira zoterezi zili ndi eni ake. Zimadutsa pakati pa nyumba ndi nkhokwe, pafupi ndi khola, nthawi zina pabwalo penipeni pamene mayi wayanika ufa. Munthu wamwano sangazidutse kawiri. A Custódio anazigula ndi ulemu: akafika pakhomo pa munthu amatsika njinga, amavula chipewa, amati zikomo, ndipo pobwerera amasiya kachewere wodzaza manja awiri. Woyamba kuwalola anali a Feliciano, mkulu wina wa m'mudzi wa kwa Chiwaza, amene anachotsa mzere umodzi wa mpanda wawo n'kunena kuti, "Dzerani pompa, musavutike." Anyamata a njinga anzawo ankawaseka kuti amazungulira ngati mbuzi yosochera. Iwo ankangoyankha kuti kuthamanga sikufika.

Akazi awo, a Domingas, nawonso amawaseka, koma m'nyumba mokha. Panja sawalola anthu. Mayi wina atawafunsa kuchigayo ngati sachita manyazi ndi mwamuna wothawa galimoto, a Domingas anati, "Ine ndinakwatiwa ndi munthu wobwerera kunyumba madzulo. Inu wanu mumudikire."

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha, m'mawa wina wa mwezi wa Julyo, awiriwa ankakumba kachewere m'dimba lawo. A Domingas anapita kukasuntha mulu wa zinyalala zouma kuti apeze poika thumba. A Custódio anamva akazi awo akuti "mayo" motsitsa, ngati munthu amene waponda minga. Atacheuka anaona mphiri yonenepa ikukwawa mwaulesi kulowa m'udzu, ndipo pamwamba pa phazi la a Domingas panali timabala tiwiri totuluka magazi.

Linali tsiku la msika. Aliyense wokhala ndi mota, njinga yamoto ija, anali atapita kale ndi katundu, ndipo kudambo kuja foni sigwira. Panatsala njinga yokha. A Custódio anakhazika akazi awo pamene amamanga matumba, anatenga kapulana ya mayiwo, chitenje chobiriwira, n'kuwamangirira m'chiuno mwawo kuti asagwe, nayamba kupalasa.

Kumtunda kwa mudzi wawo kuli mphambano. Kumanzere ndi kumsewu waukulu, ndipo kuchipatala mumafika mu ola limodzi. Kumanja ndi kunjira ya a Custódio, yodzera kwa Chiwaza, ndipo imatha ola ndi theka. Pamphambanopo a Custódio anatsitsa phazi pansi. Kutali kumanzere fumbi la makamiyau linali litaimirira kale m'mwamba. Manja awo anayamba kunjenjemera mpaka belu la njinga linkalira lokha.

"Ya kwa Chiwaza ndi yachidule, amake Palmira," anatero.

Linali bodza, ndipo onse awiri ankadziwa. A Domingas anatsamiritsa mutu pamsana pa amuna awo.

"Tiyeni kumene manja anu sanjenjemera," anatero.

Anakhotera kumanja. Manyazi amene anamva pamenepo sanawamvepo chibadwire, koma mantha anali aakulu kuposa manyaziwo. Anadziuza kuti theka la ola alibweza ndi miyendo, ndipo anapalasadi ngati munthu wopenga, kuseri kwa tchalitchi, m'mphepete mwa madimba, osapereka moni kwa aliyense.

Anaiwala mtsinje. Pamtsinje paja mlatho wake ndi mitengo iwiri ya bulugamu, imene anaigoneka okha zaka zapitazo, ndipo palibe munthu angawoloke atakwera njinga. Anamasula kapulana, anabereka akazi awo kuwolotsa, anawakhazika pamwala, anabwerera kukatenga njinga, anawakwezanso, anawamanganso. Mfundo inkawapulumuka m'zala. Pomanga anaona kuti mwendo watupa kufika m'bondo, khungu lake likunyezimira, ndipo pafupi ndi bala payamba kuda. A Domingas anasanza pamenepo. Atayambanso ulendo, manja a mayiwo amene ankawagwira m'chiuno anayamba kulefuka.

"Amake Palmira, lankhulani."

"Ndikumva."

"Lankhulanibe. Nenani chilichonse."

"Makasu tawasiya kudimba," anatero a Domingas, mawu akuchokera kutali. Kuchokera apo sanayankhenso bwino.

Atakwera chitunda cha ng'ombe anafika pamwamba pa mtsetse wotsikira kwa Chiwaza, pamene masiku onse amaima kuti amange nthambi kumbuyo. Tsiku limenelo sanamange. Ndipo ali pomwepo anaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa njira, kumunsi pang'ono, pamene mudzi umayambira.

Mwana aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la masamba amenewo. M'mudzimo muli maliro. Woyenda pansi amachepetsa liwiro n'kuvula chipewa, wa njinga amatsika n'kumaikankha mwakachetechete mpaka atadutsa masamba ena a kumapeto. Kudutsa utakwera ndi kunyoza wakufa ndi amoyo omwe, ndipo alipo anthu amene anasiya mano pamalo oterewa. A Custódio, amene amatsikira ndi ufa woyanika womwe, ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Ankadziwanso kuti mudzi umenewu ukawatsekera mpanda, njira zawo zonse za kumsika zathera pomwepo.

Apa tinene zoona. Munthu wodekha akanatsika, akanafuula kuti kuli wolumidwa ndi njoka, ndipo akanaona kuti pansi pa mtengo wa pichesi paimikidwa mamota atatu a anthu obwera kumaliro. Koma m'mutu mwa a Custódio munalibe mota. Zaka khumi ndi zitatu anakhala akuchotsa chilichonse cha injini m'maganizo mwawo, mpaka maso awo anasiya kuziona ngati zinthu zothandiza. Chimene ankaganiza ndi mfundo ya kapulana: kumasulanso, kugwiriziranso, kukankha pang'onopang'ono, kufotokozera akuluakulu mmodzimmodzi. Anamva mutu wa akazi awo ukugwera cham'mbali. Anachotsa phazi pansi, njinga n'kuyamba kutsetsereka.

Anaponda masamba aja ali paliwiro. Kanthambi kena kanakodwa m'mawaya a gudumu n'kumalira ngati chiwaya. Azibambo anali atakhala m'mbali mwa njira, amayi a kwaya ali pakhonde akuimba motsitsa, ndipo nyimbo inadukira pakati. A Custódio ankangoti, "Pepani, pepani, pepani," chipewa chili kumutu. Mayi wina wosenza ndowa analumphira kumbali, madzi onse n'kutayika. Njira inawatengera pampata uja wa pampanda, ndipo apo ndi pamene anazindikira nyumba ya siwa. Inali ya a Feliciano. Anadutsa pabwalo la munthu amene anawatsegulira njira, munthuyo atagona m'nyumba, iwo ali pachishalo.

Kumbuyo kunamveka mawu ambiri. Wina anati, "Mgwireni ameneyo."

Anadutsa masamba a kumapeto, analowa m'kanjira ka m'tchire kotsikira kuchigwa. Ndiyeno anamva injini ikulira kumbuyo kwawo.

Amene sanaonepo mantha a munthu uyu sangamvetse. Panjira zawo injini inali isanawatsatepo. Phokosolo linawalowa mumsana. Sanaganize za kumenyedwa. Ankangomva chinthu chachitsulo chikubwera kumbuyo, kumene kunali akazi awo. Anapalasa, injini inayandikira, anapalasabe, mpaka anaponda gudumu lakutsogolo ndi nkhwaila yawo n'kukaima m'udzu, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Pamota panali amuna awiri. Woyendetsa anali Sérgio, mwana wachisamba wa malemu a Feliciano, bambo wa ana ake, maso ali ofiira ndi kulira. Anatsika, anagwira a Custódio pakhosi pa malaya n'kuwagwetsera chipewa pansi.

"Inu a Custódio? Inuyo? Bambo anga agona apo, inu mukudutsa ngati pamsika?"

A Custódio anangoloza kumbuyo. Sérgio anayang'ana mwendo uja, ndipo dzanja lake linamasuka lokha.

"Mphiri?"

"Mphiri."

"Nthawi yanji?"

"Dzuwa lili apa," a Custódio analoza chakum'mawa.

Sérgio anayang'ana pamene panali dzuwa tsopano, kenako anayang'ana a Custódio. "Ndiye mwadzera kuno? Msewu mwausiyira ndani?"

Sérgio sanadikire yankho. Anamasula kapulana, iye ndi mnzake ananyamula a Domingas n'kuwakhazika pakati pawo pamota. Pamalo amenewo njira ya a Custódio imayandikana ndi msewu waukulu, mwina mapazi zana okha, isanakhoterenso kutchire. Masiku onse a Custódio akafika apo amayang'ana kumbali. Sérgio analozetsa mota kumsewu.

A Custódio anagwira chiwongolero cha mota ndi manja onse awiri. "Kumsewu ayi, mwanawe. Lero n'la makamiyau. Ndikulozerani njira ina, si yaitali kwenikweni."

"Tiyo, chotsani manja," anatero Sérgio, kuwaitana ngati malume ake.

Sanachotse. Ndiye a Domingas anatsegula maso pang'ono.

"Atate a Palmira, asiyeni."

Anawasiya. Anaona mota ikutsika, ikukwera pamsewu, ikulowa kumbuyo kwa kamiyau imene inkadutsa. Kapulana yobiriwira inaoneka kamphindi, kenako fumbi linatseka, monga linatsekera tsiku la Dinis.

Anthu akamakamba nkhaniyi amati pamenepo a Custódio analimba mtima. Iwo amakana. Amati anatola chipewa, anayang'ana njira yawo ya kutchire, n'kuganiza kuti akadzera kumeneko, ndipo china chake n'kuchitika pamsewu, a Domingas agona m'fumbi popanda wowadziwa. Analowa mumsewu kukafuna mtembo. Ankapalasa maso ali m'ngalande, kufunafuna nsalu yobiriwira.

Kamiyau yoyamba inawadzera kumbuyo ikuliza hutala. Nthaka inagwedezeka, mphepo yake inakankha njinga, fumbi linawaphimba. Anadzikodzera pomwepo, ndipo sabisa. Anapalasabe mumdima wofiirawo, akudikira ija yochokera kutsogolo, akutchula dzina la mng'ono wawo. Fumbi litatsika anapezeka akadali pachishalo. Inabwera yachiwiri, inabwera yachitatu. Pakona ina anaona kachewere atamwazika pamsewu. Anatsika, anasuzumira m'ngalande zonse ziwiri. Munalibe munthu. Linali thumba chabe logwa pagalimoto.

Atafika kuchipatala anapeza mota itaima pakhomo, Sérgio akukwera kuti abwerere. Kumaliro anthu anali akumudikira kuti mwambo uyambe.

"Alowa nawo, akupuma," anatero Sérgio. A Custódio anagwada pansi pomwepo, pafumbi, n'kuwomba m'manja. Sérgio anayang'ana buluku lawo lonyowa, anayang'ananso kumbali ngati sanaone, naliza injini.

A Domingas anakhala m'chipatala milungu itatu. Moyo unapulumuka, koma zala zitatu za phazi lija zinawola, anazidula. Tsiku lina a Custódio anatsatira enfermeru wina, namwino wa pachipatalapo, panja n'kumufunsa ngati zalazo zikanatsala akanafika msanga ndi theka la ola. Iye anati zimenezo palibe angadziwe, mphiri imawononga mosiyanasiyana. A Custódio anathokoza, koma yankholo silinawathandize. Iwo anali atadziyankha kale.

Kwa Chiwaza anapitako patatha masiku anayi, atanyamula tambala ndi thumba la kachewere. Njinga anayamba kuikankha ali pamwamba pa mtsetse, chipewa chili m'manja, ngakhale masamba anali atauma kale n'kuchotsedwa. A Marcelina, amasiye a malemu, anawalandira pakhonde, mutu uli wometa. A Custódio anapepesa nthawi yaitali, mawu akubwerezabwereza. Mayiwo anamvetsera mpaka anamaliza.

"Ndinakwiya, sindinama," anatero a Marcelina. "Ndinati mpata uja autseke tsiku lomwelo. Koma Sérgio atabwera n'kutiuza, ndinati ausiye. Maliro n'kulirana, ndipo ife sitinafune kuti tibwere kudzalira kwanu sabata yomweyo. Chimene chinandipweteka n'chakuti simunatiyese anthu. Zaka zonsezi mukudutsa pakhomo pano, munalephera kungoima n'kutiitana?"

A Custódio anaweramitsa mutu. Mpata uja ulipobe mpaka lero.

Musaganize kuti mantha anatha. Kachewere amamunyamulabe kudzera kuseri kwa tchalitchi, m'madimba, pamitengo iwiri ija, ndipo akamva kamiyau patali thukuta limatuluka m'manja monga kale. Mukawafunsa njira yopanda galimoto akufotokozerani mokondwa, mwala ndi mwala. Chasintha n'chakuti m'kati mwa chipewa chawo analembamo nambala ya foni ya Sérgio ndi inki yakuda, ndipo ikafufutika ndi thukuta amailembanso.

A Domingas amayenda ndi ndodo tsopano, ndipo kudimba amagwira ntchito atakhala pansi. Za pamphambano paja sanazitchulepo, ngakhale pokangana. Bala la mphiri limachedwa kupola, choncho kamodzi pamwezi amayenera kukaonetsa phazi kuchipatala. M'mawa wa tsiku limenelo a Custódio sadya kanthu. Amapopa njinga, amayala thumba lopinda pokhalira, amakweza akazi awo. Akafika pamphambano amatsitsa phazi pansi, belu n'kuyamba kulira lokha.

"Lero sitikuthamangira kanthu," amatero a Domingas. "Tiyeni kumene manja anu sanjenjemera."

A Custódio amapukuta manja pamalaya, n'kukhotera kumanzere, kumsewu waukulu.